Mphini za Agogo Si Phokoso

Nyengo yachisanu ikafika, wotchi ya ku Tampere ndi wotchi ya ku Zomba zimayendera limodzi. Ikakwana 3 koloko masana kuno ku Finland, kwathunso imakhala 3 koloko yomweyo. Chosiyana ndi thambo. M'mwezi wa Disembala dzuwa la kuno limatuluka nthawi itayandikira 10 koloko m'mawa, limangokwawa kuseri kwa mitengo osakwera, ndipo 3 koloko ikangopitirira limakhala litalowa. Pa ola lomwelo kwathu, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, mitambo ya mvula imakhala ikuunjikana pamwamba pa phiri la Zomba, ena akubwerera kumunda kukamaliza ndime yopalira, ana akugenda mango, ndipo ngati mvula yagwa mokwanira aliyense amakhala akuyang'anira chulu chake kuti ngumbi zisamudutse. Kugwirizana kwa nthawiku ndiko kumandipweteka. Kwathu kukanamakhala usiku pamene kuno kuli masana, mwina mtima ukanavomera kuti ndili dziko lina. Koma ola lililonse ndimadziwa chimene amayi akuchita, ndipo sindingawalandire ngakhale ndowa imodzi yamadzi.

Chinandibweretsa kuno ndi kafukufuku wa uinjiniya, ndipo mzinda uno uli ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Tampere anamangidwa pakati pa nyanja ziwiri, Näsijärvi ndi Pyhäjärvi. Madzi ochoka m'nyanja yakumtunda amatsika mamita 18 kudzera pa mathithi a Tammerkoski, pakatikati pa tauni, ndipo mphamvu ya mathithiwo ndiyo inaitana mafakitale. Mu 1865 Fredrik Idestam anamanga pamenepo chigayo chopera mitengo yopangira mapepala. Chigayo chimenecho ndicho chiyambi cha kampani ya Nokia, imene inatenga dzina lake ku tauni ina yaing'ono ya pafupi pomwepa. Pa 1 Julayi 1991, Harri Holkeri, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dziko lino, anaimba foni imene imawerengedwa kuti ndiyo yoyamba padziko lonse pa netiweki ya GSM, ndipo amene anayankha anali Kaarina Suonio, wachiwiri kwa meya wa Tampere. Patangopita zaka zochepa mafoni a m'manja anafika ku Malawi: TNM inayamba m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, Celtel n'kutsatira mu 1999. Ndikamadutsa pamathithi aja ndimakumbukira Nokia ya tochi ya amalume, yomangidwa ndi labala, imene mudzi wonse unkaimbira ndi kuunikira popita kumaliro usiku.

Anthu a kuno ndi abwino mtima, koma salankhula pachabe. Mutha kukwera nawo sitima ya m'misewu kuchoka pakati pa tauni mpaka ku Hervanta, kumene kuli nyumba za uinjiniya za Tampere University, popanda wina wokufunsani kuti mwadzuka bwanji. Kwa iwo ndi ulemu, kusafuna kumulowerera munthu. Kwa ine, amene ndinakulira kumene munthu sungadutse pakhomo la mnzako osaima, bata limeneli limalemera. Palibe wonena kuti odi pakhomo panga. Ndimaphika nsima ndi ufa wa m'mapaketi wa m'sitolo za alendo, wosanunkhira mphale, ndipo nthawi yotentha ndimapita kumsika wa kudoko kukagula tinsomba tokazinga totchedwa muikku, chifukwa ndito tokha timandifikitsa pafupi ndi matemba a ku Chilwa. Ndikadya ndimakhuta, koma kupukwa sikutha.

Ntchito yathu ili pawiri, mdani ndi mmodzi. Ena timafufuza momwe netiweki yopanda mawaya ingatumizire uthenga wochuluka ndi mafunde ochepa komanso magetsi ochepa. Ena amafufuza momwe angayeretsere chithunzi chodzala timadontho. Tonse tikulimbana ndi phokoso. Chipangizo chilichonse chamagetsi, malinga chili ndi kafunda ngakhale pang'ono, ma electron ake amanjenjemera mosalongosoka, ndipo kunjenjemerako kumasakanikirana ndi uthenga. John Johnson anakuyeza ndipo Harry Nyquist anakufotokoza mwa masamu mu 1928, onse ali ku Bell Labs ku America. Mu 1948 Claude Shannon anaonetsa kuti njira iliyonse yotumizira uthenga ili ndi malire osadumphika, ndipo malirewo amadalira zinthu ziwiri: kukula kwa mpata wa mafunde umene wapatsidwa, ndi mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi phokoso. Kuyambira pamenepo mainjiniya akhala akuyesetsa kuyandikira malire amenewo. Claude Berrou ndi anzake ku France anayandikira kwambiri mu 1993 ndi njira yotchedwa turbo codes, ndipo Erdal Arıkan wa ku Turkey anabwera ndi polar codes mu 2009, imene lero ili mu 5G. Nzeru yake ndi kuwonjezera pa uthenga timanambala tina tapadera, kuti foni yolandira izitha kukonza yokha pamene phokoso lawononga.

Masamu amenewa ndimawamva ndi makutu anga Lamulungu lililonse. Amayi akafuna kuti tilankhulane amabwereka foni ya mdzukulu wawo, mwana wa mlongo wanga, n'kukaima pa chulu cha kuseri kwa nkhokwe.

"Ukundimva, mwanawe?"

"Ndikukumvani, amayi, lankhulani."

"Ine ndiye mawu ako akungodukaduka. Kuzizira kuli bwanji uko?"

Ndikamayankha ndimakhala ndikuona m'maganizo chimene chikuchitika pakati pa foniyo ndi nsanja ya netiweki. Nsanja ili kutali. Mafunde amafooka ndi mtunda, ndipo pa njira amakumana ndi mitengo ya mango imene nthawi ya dzinja imakhala yodzala masamba onyowa, makoma a njerwa ndi madenga a malata. Akamafika pa chulu amakhala atatsala pang'ono kumira m'phokoso. Pamenepo nsanja ndi foni zimagwirizana zochepetsa liwiro. Kumene mafunde ali amphamvu, chizindikiro chimodzi chimatha kusenza ma bit 8, koma kumene ali ofooka chimasenza awiri okha. Tizigawo ta uthenga totayika timatumizidwanso kachiwiri. Foni nayo imakweza mphamvu yake kuti nsanja iimve, ndipo batire limatha msanga. Batire likatha, mdzukulu amayenda ulendo wautali kukatchajitsa kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola, n'kulipira. Motero munthu wokhala kutali ndi nsanja amagula bandulo pa mtengo womwewo ndi wa m'tauni, koma amalandira netiweki yochedwa, amataya nthawi, n'kuwonjezeranso ndalama yotchajira. Wosauka ndiye amalipira kwambiri pa mawu amodzi omwewo.

M'malabu a ku Ulaya kuno mawu akuti netiweki yabwino amatanthauza zina. Mu 2010 Thomas Marzetta analemba kuti nsanja itakhala ndi ma antena ochuluka kwambiri ingathe kulunjikitsa mafunde kwa munthu aliyense payekha, anthu ambiri n'kumalankhula nthawi imodzi pa mpata womwewo osasokonezana. Mu 2016 akatswiri a mayunivesite a Bristol ndi Lund anachitadi zimenezo ndi ma antena 128 ndi olandira 22, n'kufika pa ma bit 145.6 pa sekondi pa hertz iliyonse. Mu 2018 yunivesite ya Oulu, kumpoto kwa dziko lino, inayamba kale pulogalamu yaikulu yofufuza za 6G. Ndi ntchito yogometsa ndipo ndimailemekeza. Koma funso limene imayankha ndi la mizinda yothithikana, la anthu masauzande amene ali m'bwalo la mpira limodzi aliyense akufuna kanema pa foni yake. Mafunde a pamwamba, monga a 3.5 GHz, amasenza katundu wambiri koma safika patali. Funso la kwathu ndi lina: mafunde angafike bwanji kutali, motchipa, pamalo opanda magetsi? Pamenepo ofunika ndi mafunde a pansi, a pakati pa 700 ndi 900 MHz, amene amayenda mtunda wautali ndi kulowa m'nyumba mosavuta.

Gawo langa ndi la magetsi. Pa magetsi onse amene kampani ya mafoni imagwiritsa ntchito, gawo lalikulu limathera pa nsanja, ndipo nsanja zambiri zimadya magetsi ngakhale pamene palibe woimba. Tikufufuza momwe nsanja ingamagonere kwa kanthawi kochepetsetsa, kosakwana ngakhale kuphethira kwa diso, pakati pa uthenga wina ndi wina, n'kudzuka uthenga ukangofika. Tikufufuzanso momwe ingazimitsire ma antena ena usiku anthu akagona. Anzanga a kuno akamawerengera phindu lake amanena za bilu ya magetsi ndi utsi wowononga nyengo. Ine ndimaona galimoto ya dizilo itatitimira m'matope mu Febuluwale, jenereta ili zii, midzi ingapo ili yosamvana ndi dziko. Ndimaonanso kuti dizilo ameneyo dziko lathu limamugula ndi ndalama zakunja zimene zimasowa. Nsanja yodya magetsi ochepa itha kuyendera sola ndi mabatire okha, ndipo ikatsika mtengo chotero kampani imapeza chifukwa choimangira kumudzi kumene anthu ake amagula mayunitsi a ndalama zochepa. Masamu ndi amodzi, koma kuno amapulumutsa ndalama, kwathu amasankha amene adzakhale ndi netiweki ndi amene sadzakhala nayo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachitchula monyadira pamisonkhano. Mu 2013, akatswiri a physics a ku Chancellor College motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mogwirizana ndi MACRA ndi bungwe la ICTP la ku Trieste ku Italy, anayesa kutumiza intaneti pa mipata ya mafunde a wailesi yakanema imene inali kungokhala yopanda ntchito. Mafunde amenewo ndi a pansi, ofika patali. Sukulu ya atsikana ya St Mary's ku Zomba inali pakati pa malo amene analumikizidwa. Malawi anali mmodzi wa maiko oyamba mu Africa kuyesa njira imeneyi. Ndikamanena zimenezi anthu amatukula mitu, ndipo ine ndimamva ngati ndatchula dzina la m'bale wanga pagulu la alendo.

Mbali ya zithunzi sinali yanga mpaka pamene agogo, mayi awo a amayi, anatisiya. Maliro sindinapite. Mwambo wathu sudikira munthu wochokera kutsidya la nyanja, ndipo ndinamvera nyimbo za kusiwa pa foni, zikuduka ndi kubwerera. Patapita nthawi mwana wa mlongo wanga uja ananditumizira chithunzi pa WhatsApp.

"Amalume, ichi ndicho chomaliza chimene ndinawajambula. Poti inu ndi odziwa za makompyuta, tikonzereni kuti tichikulitse, tichikoleke pakhoma."

Anawajambula madzulo pakhonde, kuwala kwake kuli kwa katochi. Agogo akhala pamphasa, afunda chitenje, kumbuyo kwawo kuli khoma la njerwa. Chithunzi chonse chinali timadontho tobiriwira ndi tofiira. Chifukwa chake n'chodziwika. Kuwala kumafika pa kamera m'tinthu towerengeka totchedwa photon, ndipo sitifika mwa dongosolo. Kagawo kamodzi ka kamera kakamayembekezera ma photon 10,000, kusinthasintha kwake kumakhala pafupifupi 100, kutanthauza gawo limodzi pa 100, ndipo diso silikuona. Koma kakamalandira 100 okha, kusinthasintha kumakhala pafupifupi 10, gawo limodzi pa 10, ndipo chithunzi chimaoneka chothiridwa mchenga. Kamera ya foni yotchipa ili ndi tizigawo ting'onoting'ono totola kuwala kochepa. Khungu lakuda nalonso limabweza kuwala kochepa kuposa loyera, choncho mumdima phokoso limachuluka kwambiri pankhope zathu. Limeneli si vuto la khungu. Ndi mmene kuwala kulili, ndipo wopanga kamera ayenera kukuwerengera.

Ndinali pamalo oyenera kupempha thandizo. Njira yoyeretsera zithunzi yotchuka kwambiri, yotchedwa BM3D, inabadwira ku Hervanta konkuno mu 2007, m'manja mwa Kostadin Dabov, Alessandro Foi, Vladimir Katkovnik ndi Karen Egiazarian. Iwo anakuza ganizo limene Antoni Buades, Bartomeu Coll ndi Jean-Michel Morel analifalitsa mu 2005, lakuti chithunzi chimadzibwereza chokha. Njirayi imatenga kachigamba kakang'ono ka chithunzi, ka ma pixel 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kufunafuna tizigamba tina tofanana nako, n'kutisanjikiza pamodzi. Zimene zimachitika pamenepo n'zimene a mfumu amachita pabwalo mlandu ukavuta: amaitana mboni zingapo, ndipo chimene zonse zagwirizana amachitenga kuti ndicho chinachitika, pamene chimene aliyense wanena chakechake amachiika pambali. Choona chimabwerezeka m'tizigamba tonse, phokoso limasiyana paliponse. Mboni zikakhala 4 phokoso limatsika ndi theka, zikakhala 16 limatsala gawo limodzi pa 4, zikakhala 100 limatsala gawo limodzi pa 10. Kwa zaka pafupifupi 10 aliyense wobwera ndi njira yatsopano ankayenera kuipikisanitsa ndi BM3D kuti anthu amumvere.

Mnzanga wina wa gulu la zithunzi anakhala nane madzulo ena tikuyesa. Maluwa a pachitenje anatuluka bwinobwino, chifukwa duwa lililonse linali ndi anzake ambiri. Mizere ya mphasa inawongoka, njerwa zinaonekera imodziimodzi. Koma agogo anali ndi mphini pamasaya ndi pamphumi, zimene anatemedwa ali namwali, timizere tating'ono tozimiririka ndi ukalamba. Pa chithunzi cha mchenga chija munthu wowadziwa ankatha kuziona. Titachiyeretsa zinafooka kwambiri, chifukwa zinalibe mboni zokwanira zoziikira kumbuyo.

Kenako tinayesa njira zatsopano, zimene kompyuta imaphunzira yokha poonetsedwa zithunzi zambirimbiri. Njira zimenezi zinayamba kupambana zakale cha m'ma 2017, ndipo mu 2018 Jaakko Lehtinen, wa konkuno ku Finland, ndi anzake anaonetsa kuti kompyuta itha kuphunzira kuyeretsa ngakhale isanaonepo chithunzi choyera, pongoyerekeza zithunzi ziwiri za phokoso za chinthu chimodzi. Zina mwa njira za masiku ano zimapita patsogolo, zimadzaza zimene zikusowa ndi zimene zikuganiza kuti ziyenera kukhalapo. Imodzi yotero inatipatsa nkhope yokongola, yosalala, yowalirako pang'ono, ya gogo wina wake. Mphini zinalibepo ngakhale imodzi. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa, ndipo pa zithunzi zimene inaphunzirira, timizere totero pamasaya a munthu sitinali chinthu choyembekezeka. Inatiwerengera m'gulu la phokoso.

Nkhani imeneyi si ya banja lathu lokha. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a makampani akuluakulu ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu kulakwitsa sikunapitirire 0.8 pa 100 aliwonse, koma pa akazi akuda kunafika 34.7 pa 100. Zithunzi zophunzitsira ndi zoyesera makina zikakhala kuti zilibe nkhope zathu, makina amakhoza mayeso onse n'kulephera pa ife, ndipo palibe amene amadziwa chifukwa palibe amene anayesa.

Ndinatumiza zithunzi zonse zitatu kumudzi kuti asankhe okha. Amayi anakwera pa chulu paja.

"Awa osalalawa ndani?"

"Ndi agogo omwewo, amayi, makina awakonza."

"Iyayi, amenewo sindikuwadziwa. Mayi anga ndi awa a mchengawa. Ukulitse chomwechi."

Tinachita chapakati: tinayeretsa chitenje, mphasa ndi khoma, nkhope tinangoikhudza pang'ono. Ndicho chili pakhoma lero, ndipo ine sindinachionebe ndi maso chili pamenepo.

Kuchokera nthawi imeneyo ndimaganiza kwambiri za zipatala zathu, chifukwa kumeneko kufufuta kadontho kolakwika ndi nkhani ya moyo. Mu 2008 chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina a MRI a mphamvu ya 0.35 tesla, ofooka poyerekeza ndi a 1.5 kapena 3 tesla amene ali m'zipatala za kuno. Maginito akakhala ofooka, uthenga wochoka m'thupi umakhala wochepa ndipo phokoso limachuluka. Komabe ndi makina amenewo gulu la Dr Terrie Taylor linapeza, n'kufalitsa mu 2015, kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amakhala ubongo wawo utatupa kwambiri mpaka kupanikiza gawo loyendetsa kupuma. Yankho la funso limene linavuta madokotala kwa zaka zambiri linapezeka ku Blantyre. M'zaka zaposachedwa chipatala chomwecho chayesanso makina a MRI oyenda pa mateyala, a 0.064 tesla okha, ongolumikiza pa soketi wamba, amene zithunzi zake zimadalira kwambiri masamu oziyeretsa. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti makompyuta azithandiza kuwerenga zithunzi za X-ray za m'chifuwa pofufuza TB. Kwa dziko la madokotala ochepa odziwa kuwerenga zithunzi, imeneyi ndi nkhani yabwino. Koma kachilonda koyambirira m'mapapo nako n'kozimiririka, ndipo kamakhala kokha. Njira yoyeretsa imene sinayesedwe pa makina athu ndi odwala athu itha kukasalaza n'kupereka chithunzi chokongola cha munthu amene akudwala.

Pamenepa m'pamene ntchito ziwiri zija zimakumana. Phokoso silipanikizika, chifukwa lilibe dongosolo, choncho chithunzi cha timadontho chimadya bandulo yambiri kuposa choyera. Kuchiyeretsa chisanatumizidwe kumachichepetsa, ndipo chimadutsa msanga pa netiweki yofooka kuchoka kuchipatala chaching'ono cha kumudzi kupita kwa dokotala wa m'tauni. Koma ukayeretsa mopitiriza wataya chimene dokotala amafuna. Wina ayenera kuika malire, ndipo woika malireyo ayenera kudziwa chimene chili chamtengo pa chithunzicho.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwa kum'mwera kwa Malawi. Matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, midzi inakokoloka ku Mulanje ndi Phalombe, madzi anasefukira m'zigwa zozungulira Chilwa, ndipo anthu mazanamazana anamwalira. Magetsi anazima, misewu inaduka, nsanja zambiri zinakhala chete. Ine ndinali m'labu imene ili ndi netiweki yothamanga koposa imene ndinaionapo, ndikuyang'ana uthenga wanga pa WhatsApp uli ndi kachizindikiro kamodzi kotuwa, kosonyeza kuti sunafike. Ndinaimbira aliyense amene ndinali ndi nambala yake, foni zonse zili zosapezeka. Usiku sindinkagona. Mawu oyamba anafika pa SMS, kuchoka pa kafoni kakale ka mabatani kamene batire lake linapirira, mwini wake atayenda mpaka kumene netiweki inali itabwerera: "Tili moyo tonse. Khitchini yagwa. Mpunga wapita." Uthenga wa SMS supitirira zilembo 160, ndipo uwu sunafike ngakhale theka. Palibe kanema wa 5G amene anandipatsapo chimene zilembo zimenezo zinandipatsa. Kuyambira pamenepo, ndikamayeza ubwino wa netiweki ndimafunsanso kuti tsiku la tsoka, magetsi atazima ndipo dizilo sangafike, nsanja imeneyi ingathe kudzichepetsa, kuzimitsa zonse zodya magetsi, n'kusunga mawu ndi SMS kwa nthawi yaitali bwanji.

Amalume, mwini Nokia ya labala ija, sakonda kuzungulira. Tsiku lina analanda foni kwa amayi.

"Mphwanga, zimene ukuphunzira ukozo zidzafika kuno, kapena ndi za azungu okhaokha?"

"Zidzafika, amalume."

"Zidzabwera zokha?"

Funso limenelo ndi la uinjiniya ndithu. Masamu ambiri olosera momwe mafunde amayendera anachokera ku miyeso ya malo ena. Imodzi mwa njira zodziwika kwambiri inachokera pa zimene Yoshihisa Okumura anayeza ku Tokyo ndi madera ozungulira m'zaka za m'ma 1960, zimene Masaharu Hata anaziika m'masamu mu 1980. Kuti nsanja iikidwe pamalo oyenera kwathu, pafunika kudziwa momwe mafunde amafookera m'mitengo ya mango mu Januwale ndi mu Okutobala, momwe amanjanjira pa malata, momwe amayendera pamwamba pa chigwa cha Chilwa madzi akadzaza ndi pamene aphwa, momwe phiri la Zomba limawatchingira. Pafunika kudziwa nthawi imene anthu akumudzi amaimba foni, chifukwa nsanja singagone pa ola limene asodzi akuuzana mitengo ya nsomba. Pafunika zithunzi za nkhope zathu, za mbewu zathu zodwala, za X-ray za m'zipatala zathu, zotengedwa ndi chilolezo cha eni ake ndi kusungidwa m'dziko mwathu, kuti makina aziyesedwa pa izo asanaloledwe kugwira ntchito pa anthu. Achinyamata oti achite zimenezi alipo ku MUBAS, ku MUST, ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University. Chimene ambiri akusowa ndi zipangizo zoyezera ndi munthu wowauza kuti miyeso ya kwawo ndi sayansi yokwanira kufalitsidwa kulikonse.

Finland wandiphunzitsa zambiri ndipo ndidzamuthokoza moyo wanga wonse. Dziko la anthu osakwana 6 miliyoni linayamba ndi chigayo cha mitengo n'kufika popanga mafoni a dziko lonse, chifukwa linaika mtima pa sukulu ndi pa kuyankha mafunso a malo ake, a nkhalango zazikulu ndi midzi yotalikirana. Phunziro limenelo silinena kuti ndikhale kuno. Miyeso imene tikusowa singatengedwe ku Hervanta. Ikufuna munthu wodziwa kukagwada kwa a mfumu asanaimike chitsulo m'munda mwa munthu, wodziwa mwezi umene msewu wa ku Kachulu umavuta, wotha kufotokozera gogo chifukwa chimene akupemphera chithunzi chake ndi kumva akakana. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndikufuna kukagwada pamanda a agogo, kukadya matemba otendera pakhonde la amayi, ndipo m'mawa mwake kukayamba kuyeza. Amalume anafunsa ngati zidzabwera zokha. Sizidzabwera zokha, tidzachita kubwera nazo.